Dzungu ndi Dzungu

Ine ndine Magalita, wa ku Chiparamba, ndipo Mulungu anandidalitsa ndi alongo awiri, onse akatswiri. Mukafuna umboni kafunseni eni ake, akakuuzani mpaka dzuwa kulowa.

Amene ndinapondana naye ndi Bonifasi. Ameneyu anapita ku koleji ya zaulimi amayi atagulitsa ng'ombe yathu yomaliza, ndipo anabwerako ndi dipuloma, nsapato zosongoka ndi mawu aataliatali. Lero amagulitsa mbewu ndi mankhwala a kumunda m'shopu ina ku Chipata, chakufupi ndi msika wa Kapata. Dipulomayo anaiika m'galasi, ili pakhoma pamwamba pa matumba a feteleza. Ukamufunsa kuti mbozi zalowa m'chimanga, nditani, amayamba ndi dzina la mbozi m'Chilatini, kenako kumene zinachokera, kenako mmene zimaikirira mazira. Mbozizo nthawi yonseyi zili pa ntchito. Khasu analigwira komaliza amayi akadali ndi mano onse m'kamwa.

Chitsirizira ndi Jabulani. Uyu sukulu anaithawa ali giledi seveni, akuti aphunzitsi amalankhula kwambiri. Anapita ku Mkushi, pa famu ina yaikulu, kumene anakhala zaka akubereka sipuleya, chigubu chija chopopera mankhwala. Anabwerako ndi mapewa a ng'ombe yapangolo ndi nyimbo imodzi yokha: "Ine satifiketi yanga ndi manja awa." Pepala lililonse kwa iye ndi lopichirira fodya.

Awiriwa akakumana, kaya pa ukwati, kaya pa Khrisimasi, nkhani ndi yomweyo.

"Vuto lako iwe umachita zinthu osadziwa chifukwa chake," amatero Bonifasi.

"Inu achimwene mumadziwa zifukwa zonse, koma chinthu chenichenicho simungachichite," amayankha Jabulani.

Ngakhale pa maliro a amayi athu anakangana. Anthu akuimba m'nyumba, iwo ali kuseri kwa nkhokwe kutsutsana kuti chimanga chapsa chifukwa cha kusintha kwa nyengo kapena chifukwa anthu sadziwa kupanga mizere. Ndinachita kuwatumizira mkulu wa mphakati wathu kuti akawakumbutse kuti amene wagona m'nyumbamo ndi mayi wawo.

Koma nkhani yanga si ya iwo ayi. Ndi ya dzungu.

Amayi athu, malemu a Edita Nabanda, anali ndi mtundu wawo wa maungu umene analandira kwa amayi awo. Ankautcha kanzimbe. Dzungu lake silikula kwenikweni, khungu lake ndi lokhakhala, loipa maonekedwe moti pamsika palibe angaliyang'ane kawiri. Koma ukaliphika, mayo ine! Lofumbutuka, lotsekemera osathira kanthu, ndipo limakhala pansi pa bedi mpaka nyengo yotentha osaola. Kwathu mwana akafika poyamba kudya, chakudya chake choyamba chinali kanzimbe wokanyakanya, amayi akumupatsa ndi chala. Ine ndinayambira pamenepo. Bonifasi ndi dipuloma yake anayambira pamenepo. Jabulani ndi manja akewo chimodzimodzi. Ana anga onse anadutsa pa chala cha amayi.

Chaka cha chilala chija, chimanga chitapsa chili m'mawondo, maungu anafa m'mudzi monse. Kwathu linapulumuka limodzi lokha, la kuseri kwa bafa, limene amayi ankalithirira madzi otsukira mbale. Amayi anamwalira chaka chomwecho. Atatsala pang'ono anandipatsa nthanga za dzungu limenelo m'kansalu, atazipaka phulusa. Zinali zongodzaza dzanja limodzi basi. Sananene zambiri, amayi sanali munthu wa mawu. Anangoti, "Izi usakazinge."

Mvula itagwa ndinazibzala m'munda wa chimanga monga tichitira masiku onse, phando apa, phando apo, pakati pa mizere. Wina anena kuti bwanji sunasungeko zina. Nthanga zogonera sizimera bwino, ndiponso mbewa za m'nyumba mwanga sizisala kudya ngakhale pa Lenti. Ndinabzala zonse, ndipo zinamera. M'mawa uliwonse ndinkapita kukaziona zikuyala. Masamba ake, chiwawa chimene anthu amachithamangira mvula ikangoyamba, sindinathyoleko ngakhale limodzi. Ndinali ndi chifukwa. Mwana wanga Tamanda, amene anakwatiwa ku Chipata, anali ndi pakati poyamba, ndipo ndinkadziwa kuti mwanayo akadzafika poyamba kudya, kanzimbe adzakhala atakhwima, ali pansi pa bedi kumudikira.

Chimanga chitafika m'mawondo, nthawi yopalira itakwana, foni inalira. Tamanda watupa miyendo, magazi akuthamanga, amugoneka m'chipatala. Ndinakwera minibasi ndi kachikwama kamodzi, ndikuti ndikagonako pang'ono n'kubwerera. Ndinakhalitsa. Usiku ndinkagona pansi m'mbali mwa bedi lake, masana kuthamanga ndi mabeseni. Koma udzu sudikira munthu. Mnansi wanga a Getrude anandiimbira kuti, "Anzanga, chimanga chanu chikumira kuno."

Ndinaimbira Bonifasi. Ndinati, "Iwe, undithandize udzu kumunda."

"Musadandaule achemwali, imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Mwabzala chiyani chaka chino?"

"Chimanga. Nanga m'munda wa amayi timabzala mpunga?"

"Basi, yatha imeneyo."

Ndinaimbiranso Jabulani, mawu omwewo. Iye anati, "Zisiyeni m'manja mwanga." Ine mumtima ndinkati atenga makasu, kapena apeza aganyu. Amuna awiri aakulu, munda umodzi, chingavute n'chiyani? Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.

Zimene zinachitika ndinazimva pambuyo pake, zina kwa a Getrude, zina kwa eni ake, poti aliyense anafotokoza mbali yake monyadira.

Bonifasi kumunda sanapite. Kuchoka ku Chipata kufika kwathu si ulendo woti n'kunyamulira kamba, koma kunali matope, ndipo nsapato zija sizigwirizana ndi matope. Anatsegula mabuku ake, anasankha botolo pa alumali, anaitanitsa Jabulani. Jabulani anafika pa njinga.

"Awa ndi mankhwala amakono," anatero Bonifasi. "Amapha udzu wonse, chimanga amachisiya. Tsono mvetsera ndikufotokozere mmene amagwirira ntchito. Akagwera pa tsamba amalowa m'timitsempha, ndiye kuchokera pamenepo..."

"Achimwene, ine ndapopera minda yoti inu simungaizungulire ndi nsapato zanuzo. Ndipatseni botolo."

"Uwerenge malangizo pabotolopo. Kapena ndikuwerengere?"

Mawu amenewo ndi amene anamaliza zonse. Jabulani anatsomphola botolo, anakwera njinga. Bonifasi anatsala akufotokozera makasitomala za timitsempha.

M'mawa mwake Jabulani anali m'munda, sipuleya kumsana. Pepala la pabotolo analimatula n'kulitaya, mankhwala anangoyeza ndi maso. A Getrude podutsa anaima. Anati, "A Jabulani, nanga maunguwa?"

Iye anaseka. "Amama, awa ndi mankhwala a udzu. Dzungu ndi udzu? Munafolerapo nyumba ndi chiwawa inu?"

A Getrude akuti anangoima n'kumaonerera, poti munthuyo ankalankhula ngati wodziwa. Ndipo akuti Jabulani ntchito anaigwira yosiririka. Sanathamange, sanaphonye mzere. Akafika pa phando la maungu ankatukula mayala ake bwinobwino, kupopera pansi, kuwabwezera, kupoperanso pamwamba kuti kaudzu kotulukira pakati pa masamba kasapulumuke.

Tamanda anachira, mwana wamkazi. Tinamutcha Edita. Atatuluka m'chipatala, ine ndinakwera minibasi kubwerera kwathu ndili wosangalala ngati mtsikana. Sindinalowe n'komwe m'nyumba. Kachikwama ndinakasiya pakhonde, ine ulendo wa kumunda.

Munda unali mbee! Chimanga chabiriwira, chaimirira, pansi poyera ngati pabwalo la tchalitchi. Ndinayamba n'kuyamika, sindinama. Kenako ndinafika pa phando loyamba. Masamba anali atauma, ofiira, ukagwira akungofumbutuka m'manja ngati fodya. Ndinathamangira lachiwiri, chimodzimodzi. Ndinayenda munda wonse, mzere ndi mzere, ndikukanda tsinde lililonse ndi chikhadabo kuti mwina ndipeza pobiriwira. Timaungu tinali titayamba kale kubala, tating'ono ngati mazira a nkhuku, tonse titafota. Ndinakhala pansi pakati pa chimanga chokongolacho n'kulira, kulira kwenikweni, koposa kumene ndinalira pa maliro.

Lamulungu lotsatira, titaweruka ku Misa, akatswiri anga anafika onse awiri kudzalandira zikomo. Bonifasi anabwera ndi foni m'manja, akuti ajambule mundawo akaonetse makasitomala. Jabulani anabwera manja ali m'thumba, akuimba mluzu. Ndinawayalira mphasa pansi pa mango. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mayala ouma a kanzimbe, ndinawaika pakati pawo.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

Anayang'anana. Jabulani mluzu unatha.

"Bonifasi, mankhwala ako aja, unkadziwa kuti amapha maungu?"

"Kwambiri, achemwali. Maungu, nyemba, nsawawa, chilichonse cha masamba aakulu. Tinalemba mayeso pa zimenezo. Ndipo pabotolo analemba bwinobwino. Uyu akanawerenga..."

"Usiye kaye za uyu. Ine ndinati undithandize udzu."

Anakonza kolala, anakhosomola. Ndinadziwa kuti koleji yatsegulidwa. "Achemwali, m'maphunziro a zaulimi, udzu ndi chomera chilichonse chimene chamera pamalo pamene sichikufunika. M'munda wa chimanga, chilichonse chimene si chimanga ndi udzu. Ndinakufunsani kuti mwabzala chiyani, munati chimanga."

"Ha! Ndiye iwe unakula ndi udzu? Amayi ankakudyetsa udzu ndi chala? Ng'ombe ija anaigulitsa kuti ukaphunzire kuti mayi wako ankalima udzu?"

"Sindikutero ayi, koma kuti mwa sayansi..."

"Munda uja unauona liti wopanda maungu? Chibadwire chako, chaka chiti?"

Anayang'ana nsapato zake. Zinali zowala bwino.

Ndinatembenukira kwa winayo. "Nanga iwe Jabulani, maungu unawaona?"

"Ndinawaona, achemwali."

"Unadziwa kuti ndi ati?"

"Ndinadziwa kuti ndi a amayi. N'chifukwa chake ndinawasamalira, ndinawachotsera udzu pansi pake ponse. Ine anandiuza kuti mankhwala a udzu. Udzu timaudziwa tonse: nsenjere, kapinga, tsekera. Ku Mkushi akati udzu, ndi udzu."

"Ku Mkushi m'chimanga munali maungu?"

"Ayi, kuja sasakaniza."

"Ndiye sunadabwe? Sunaganize zofunsa?"

"Ndifunse ndani, awa? Kuti andiyambire Chilatini?" Kenako, chifukwa Jabulani ndi Jabulani, anawonjezera kuti, "Koma ntchito yokhayo mwaiona. Pali tsamba limene ndinaliphonya?"

"Palibe," ndinatero. "Palibe ndi limodzi lomwe. Manja ako ndi satifiketi ndithu."

Zoona anthu inu, wina ankadziwa chimene chili m'botolo koma munda sanauponde, wina anauponda mpaka kutukula mayala koma cha m'botolo sanafune kuchimva. Akanangomvetserana nthawi yomwera kapu ya madzi, bwenzi kanzimbe alipo. Koma kumvetsera mnzako n'kugonja, ndipo kwathu kulibe wogonja.

Mukuganiza kuti anapepesa? Asa! Anatembenukirana okhaokha.

"Waona kuipa kothawa sukulu? Mizere iwiri yokha pabotolo yakukanika!"

"Inu mwaona kuipa kolima pa pepala? Mukanabwera kumunda ngati mwamuna!"

"Umbuli ndi matenda!"

"Dipuloma yanuyo inabalapo dzungu?"

Ndinakoka mphasa iwo akadali pomwepo. Ndinawauza kuti akapitirize msonkhano wawo pa msewu, kumene kuli malo okwanira nzeru zawo zonse.

Madzi akatayika saoleka, koma munthu umayesabe. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa onse amene amayi anawapatsako nthanga kale. Ena anati zinapita ndi chilala. Ena anati tinakazinga nthawi ya njala, mutikhululukire, ndipo ndani angawadzudzule? Ndinakwera galimoto mpaka ku Chipangali kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi. Nditawafotokozera anagwira pakamwa. Anati, "Mwanawe, ine ndimati ndidzapempha kwa iwe." Mayi wina kumeneko anandipatsa nthanga akulumbira kuti ndi kanzimbe. Ndinangoziyang'ana n'kuthokoza. Zinali zazikulu, zoyera. Za kanzimbe ndi zazing'ono, zakuda m'mphepete.

Alongo anga nawo anayesa kukonza zinthu, aliyense mwa nzeru zake. Bonifasi ananditumizira kapaketi ka mbewu kochokera kunja, kokhala ndi chithunzi cha dzungu losalala ngati tsaya la mwana, ndi uthenga wakuti limeneli linayesedwa ndi akatswiri. Jabulani anabwera ndi nthanga m'thumba la buluku, zosakanikirana ndi fodya, akuti anapatsidwa ndi mnzake amene amadziwa maungu kuposa munthu aliyense m'chigawo chino. Zonse ziwiri ndinaziika pa alumali. Zikadali pompo, ngati mbewa sizinazione.

Chimanga chokha chinabereka, chimenecho sindikana. Nkhokwe inadzaza. Ndiye mukanawamva! Bonifasi ankauza aliyense wolowa m'shopu kuti munda wa mlongo wake ndi umboni wa ulimi wamakono. Jabulani ankauza anzake ku bawo kuti mankhwala ndi madzi chabe, chachikulu ndi dzanja la wopopera. Za maungu palibe ankazitchula.

M'nyengo yozizira Tamanda anabwera kumudzi ndi mwana. Kamwana kanali katanenepa, kakukhala pansi kokha, kakugwira chilichonse n'kuika m'kamwa. Tamanda nkhani yonse ankaidziwa. Anamasula chitenje, anatulutsa dzungu limene anagula pa Kapata, lalikulu, losalala.

"Amayi, akuchipatala akuti ayambe kudya," anatero. "Ndinafuna kuti ayambire pa chala chanu. Ndasankha labwino kuposa onse amene analipo."

Amalume ake awiri anamva kuti mwana wabwera, nawonso anafika, wina pa minibasi, wina pa njinga. Anakhala pansi pa mango, wina kuyang'ana uku, wina uko.

Ndinalidula dzungulo. Mpeni unangolowa ngati m'papaya. Ndinaliphika, ndipo nditavundukula ndinapeza lamira m'madzi ake omwe, lotuwa, la ulusiulusi. Ndinalawa. Madzi ofunda a mtundu wachikasu, basi. Ndinakanyakanya pang'ono m'kambale, ndinasamba m'manja, ndinamukhazika Edita pamiyendo. Ndinatapa pang'ono ndi chala, ndinamuika pakamwa.

Mwana ananyambita chala. Anakwinya nkhope, anaganiza, anameza. Kenako anamenya manja pa bondo langa n'kutsegulanso kukamwa.

Lotsala Tamanda anawapatsa amalume ake m'mbale imodzi. Anadya, Bonifasi ndi supuni, Jabulani ndi manja. Ndinkawayang'ana. Ndinkadikira kuti mmodzi, mmodzi yekha, aime kutafuna. Anthu amene anakula ndi kanzimbe, amene ankamenyanirana chigoba chake kuti akokote.

Bonifasi anapukuta pakamwa ndi kansalu. "Mwaona, achemwali? Mwana wadya bwinobwino. Zofunika m'thupi ndi zomwezo, mavitamini ndi omwewo. Kunena zoona, dzungu ndi dzungu."

Jabulani anagwedeza mutu, m'kamwa muli tho. "Apo ndiye mwanena zoona, achimwene. Dzungu ndi dzungu."

Chibadwire chawo, aka kanali koyamba kugwirizana. Anayang'anana modabwa, anaseka, anagwirana chanza pamwamba pa mbale.

Ine mawu ndinali nawo ambiri, ondikwanira mpaka mawa. Koma Edita anali akundikoka bulauzi, kukamwa kuli yasa, akufuna china. Ndinatapa ndi chala n'kumupatsa, nanga ndikanatani? Anameza akuseka. Iyeyu sadzadziwa chimene anamanidwa, ndipo awiri aja, amene ankachidziwa, anali akunyambita mbale.